Dzina lenileni la nandolo ndi liti?

Amene muli kudimba ndipo wailesi mwaikoleka pamtengo, thirirani ndithu, mungondibwereka khutu. Ndikulankhula nanu kuchokera kwathu kuno pa Nkando, m'boma la Mulanje, pamsewu wa Midima, phiri likuonekera poteropo.

Nkhani ya lero inayambira pa lichero. Tinali pakhonde kwa achemwali anga madzulo ena, tikusenda nandolo wamuwisi wodyera nsima, pamene mwana wawo wamkazi, wa Fomu 2, anatulukira ndi kope la sayansi m'manja. Anagwada pafupi ndi mayi athu nati, "Anganga, dzina lenileni la nandolo mumalidziwa? Ndi Cajanus cajan." Mayi sanadzutse n'komwe mutu. Anangoti, "Kajani? Mwana wa yani ameneyo?" Tinaseka mpaka makoko kumwazika. Koma ine pobwerera kunyumba, liwu limodzi linandiima pakhosi ngati munga wa chambo. Lenileni. Ngati lenileni ndi la m'kopelo, ndiye kuti ili la nandolo, limene mayi anga akhala akutchula zaka zoposa 70, ndi la kumasanje?

Mwanayo sananame, aphunzitsi akenso sanalakwitse. M'mabuku a sayansi dziko lonse lapansi, nandolo ndi Cajanus cajan. Chimene kope lija silinanene n'chakuti liwu loti cajan silinagwe kumwamba. Linachokera kwa anthu a ku Malaysia ndi Indonesia, amene nyemba amazitcha kacang. Azungu analimva kumeneko, analilemba mmene makutu awo analigwirira, kenako analiveka jekete la Chilatini. Choncho dzina limene mwana wathu akuliona ngati lapamwamba nalonso ndi la kumudzi, kungoti mudzi wake ndi wa eni.

Mwambo wopatsa chomera mayina awiri a Chilatini anaukhazikitsa Carl Linnaeus wa ku Sweden, m'buku lake la Species Plantarum la mu 1753. Iye asanatero, akatswiri ankatchula chomera ndi chiganizo chathunthu chofotokoza masamba, maluwa ndi mizu, moti pofika kumapeto kwa dzina unali utaiwala poyambira. Linnaeus anati mawu awiri akwana. Ife izi siziyenera kutizunguza mutu, chifukwa ndi mmene timadziwirana. Liwu loyamba ndi mfunda, monga Phiri, Banda kapena Mbewe. Lachiwiri ndi dzina la mwiniwake. Ukamva mfunda wadziwa abale. Tengani mfunda wa Solanum. Matimati ndi a kwa Solanum, mabiringanya chimodzimodzi, nthula zija zomera kudzala nazonso, ngakhale mbatatesi, imene ena amati kachewere. Koma mbatata yathu ya kholowa ndi ya mfunda wina, Ipomoea, ndipo chibale chake ndi mbatatesi n'chokumana pamaliro pokha. Ife tinazipatsa dzina lofanana chifukwa zonse timakumba pansi n'kumwera tiyi.

Ntchito ya dzina la Chilatini imaoneka katundu akayamba kudutsa malire. Thumba la nandolo likachoka pa sikelo ya venda pano pa Nkando limasintha dzina panjira ngati munthu wothawa ngongole. Mnzathu wa Chiyao amati mbelemende. Mukawoloka pa Muloza kulowa Milange, pamapepala alemba feijão boer. Ku Tanzania ndi mbaazi. Ku India, kumene nandolo wathu wambiri amakathera mumphika, ndi toor kapena arhar. Alimi a kuno sadzaiwala 2017, chaka chimene India anachepetsa nandolo wolowa m'dziko mwake, mtengo n'kugwa, matumba n'kungokhala m'nyumba anankafumbwe akuchita phwando. Pa chikalata chotsimikiza kuti mbewu ilibe matenda, chimene chimayenda ndi katundu mpaka kudoko, pamafunika dzina limodzi loti wa ku Lilongwe, wa ku Nacala ndi wa ku Mumbai agwirizane kuti akunena chinthu chimodzi. Dzina la Chilatini ndi pasipoti. Koma ndani amene mayi ake amamuitana ndi nambala ya pasipoti?

Ndiponso pasipotiyo sidziwa zonse. Funsani mlimi aliyense wa kuno za Mthawajuni, akuuzani kuti ndi nandolo wocha msanga, amene amabereka chisanu cha mu Juni chisanamupeze. Kalendala yonse ya ulimi ili m'dzinamo. Kwa Linnaeus, Mthawajuni, Kachangu, Sauma ndi Mwaiwathualimi onse ndi Cajanus cajan basi.

Tsono tamverani iyi, pakuti ndi pamene pagona nkhani. Aliyense wokulira kuno amachidziwa chitedze. Ngati simunachidziwe ndi maso, munachidziwa ndi khungu. Ine ndinachidziwa ndili ndi zaka 9, tikusaka mbewa m'mphepete mwa mtsinje m'chilimwe. Kamphepo kanangowomba pang'ono, ubweya wa makoko ake n'kundilowa m'malaya. Ndinadzikanda mpaka kutuluka magazi, ndinagubuduka pamchenga, anzanga akundipaka matope uku akufa ndi phwete. Aliyense wa kuno amamudziwanso kalongonda, chakudya chimene Mlhomwe sasinthanitsa ndi china chilichonse, chimene chimadzaza miphika pa Chonde mwezi wa Okutobala pamwambo wa Mulhako wa Alhomwe. Mukatsegula buku la sayansi, chitedze ndi Mucuna pruriens. Kalongonda nayenso ndi Mucuna pruriens. Ndibwereze: mfunda umodzi, dzina limodzi. Liwu loti pruriens m'Chilatini limatanthauza choyabwa. Kuti asiyanitse, akatswiri amachita kuwonjezera kaliwu kachitatu, utilis, kutanthauza chothandiza, pa kalongonda wolimidwa uja amene makoko ake alibe ubweya woyabwa.

Sayansi ikunena zoona, ziwirizi ndi mwana ndi mayi ake, wina wakutchire wina wa pakhomo. Koma tayesani kutuma mwana kuti akathyole Mucuna pruriens, muone chimene abwere nacho. Makolo athu anapereka mayina awiri osafanana n'komwe chifukwa ankadziwa kuti kulakwitsa apa ndi misozi. Ndipo dzina loti kalongonda silimayenda lokha. Limayenda ndi malamulo ake: kutereka m'mamawa, kuwiritsa, kutaya madzi akuda bii aja, kuthira ena, kuchotsa makungu, kuwiritsanso mpaka dzuwa kupendeka, ndipo mwana asayerekeze kulawa asanapse. Wodya kalongonda wosapsa amachita chizungulire, amasanza, ena mutu umasokonekera ngati aledzera. Lero madokotala amatiuza kuti m'nyemba zimenezi muli mankhwala otchedwa L-dopa, omwewo amene amapatsa odwala matenda onjenjemera a Parkinson. Anganga athu L-dopa sanamumvepo, koma ankadziwa kuti madzi oyamba satsala mumphika.

Zaka zapitazo kunabwera alangizi m'mudzi mwathu ndi mbewu imene ankati ndi yatsopano, yobwezeretsa chonde m'nthaka. Ankaitcha mukuna. Analankhula bwino ndithu, za mizu yake, za masamba ofunditsa nthaka, ndipo zonse zinali zoona. Atamasula kathumba, mayi wina wachikulire anatenga njere imodzi, anaitembenuza padzanja, nati, "Pepani alangizi, uyu si kalongonda uyu?" Panali chete, kenako chiseko. Mlangiziyo anali mwana wabwino, anaseka nawo. Koma taganizani, theka la msonkhano linapita pofotokozera anthu chinthu chimene anabadwa akudya. Komanso, malo aakulu ofufuzira za ulimi kufupi ndi Lilongwe dzina lake ndi Chitedze, ndipo kumeneko n'kumene boma limasunga nkhokwe ya mbewu zamakolo za dziko lino. Amene anasankha malowo sindikudandaula nawo, koma dzinalo ine limandiyabwabe.

Musaganize kuti ndikuti mayina athu salakwa. Amalakwa, ndipo nthawi zina moopsa. Za therere n'zosavuta: therere lobala, denje, chewe, zonse timati therere chifukwa zimatelera pammero, chonsecho ndi zomera za mafunda osiyana. Apo palibe wovulala, mphika ndi womwewo. Koma tengani nimu. Kuno anthu ambiri akaona mtengo wa indiya amati nimu, n'kuthyola masamba kukawiritsira wodwala. Nimu weniweni, Azadirachta indica, amakonda kotentha ngati ku Chikwawa ndi Nsanje. Maluwa ake ndi oyera, zipatso zake zazitali pang'ono. Indiya, Melia azedarach, maluwa ake ndi ofiirira ngati a bulangeti la mwana, zipatso zake n'zobulungira, zachikasu, zimatsala lende mumtengo masamba atayoyoka. Zipatso zimenezo zili ndi poizoni, zimadwalitsa ana ndi nkhumba. Mitengo iwiriyi ndi ya banja limodzi ndi mbawa, n'chifukwa chake imafanana nkhope. Apa dzina la Chilatini limagwira ntchito imene lathu lalephera, ndipo dokotala akafunsa kuti mwanayu wadya chiyani, yankho loti "nimu" likhoza kumusocheretsa.

Tibwerere ku Chonde, chifukwa pafupi ndi mphika wa kalongonda sipalephera mtolo wa gondolosi. Abambo mwamwetulira, ndakuonani. Gondolosi m'mabuku ndi Mondia whitei. Mfunda wakewo, Mondia, unachokera ku dzina la Chizulu, umondi. Lachiwirilo ndi la mlimi wina wachizungu wa ku Natal, dzina lake White, amene anatumiza mizu yake kwa akatswiri ku England. Tsono kwezani maso kuphiri. Mtengo wa fuko lathu, umene Kamuzu Banda anaulengeza mu 1984, mkungudza wa ku Mulanje, ndi Widdringtonia whytei. Pawailesi pano mayina awiriwa akumveka chimodzimodzi. Kusiyana kwake ndi chilembo chimodzi, wina i wina y. Whyte wa mkungudzayu ndi Alexander Whyte wa ku Scotland, amene ankagwira ntchito pansi pa Harry Johnston ku Zomba. Anakwera phirili mu 1891, anathyola nthambi ndi zipatso, anazitumiza ku London, ndipo mu 1894 katswiri wina kumeneko, Alfred Rendle, analemba dzinalo. Nanga Widdrington? Ameneyo anali msilikali wa pamadzi wa ku Britain amene ankakonda mitengo ya paini ya ku Spain, ndipo anamwalira mu 1856. Mtengo wathu wa fuko wasenza mayina a azungu awiri, mmodzi anaupeza eni ake akuudziwa kale, wina sanaununkhizepo.

Ndimadzifunsa kuti Whyte anakwera ndi yani. Phiri la Mulanje, ndi nkhungu yake ija, si loti mlendo angalowe yekha. Panali wina patsogolo wodziwa njira, panali amtengatenga osenza mabokosi, ndipo panali wina amene anatambasula dzanja nati mtengo uwo ndi mkungudza. Amenewo pa dzinalo palibe. N'chimodzimodzi masuku: Uapaca kirkiana, dzina la John Kirk, dokotala amene anayenda ndi David Livingstone mu Zambezi ndi Shire kuyambira 1858. N'chimodzimodzi mkweranyani, mtengo wautali wa m'nkhalango za m'mitsinje yotsika m'phirimu: Newtonia buchananii, dzina la John Buchanan, amene anabwera ndi mishoni ya Blantyre mu 1876 n'kukakhazikika ku Zomba. Inu weruzani nokha. Dzina lina likukuuzani za mzungu wolima khofi. Linalo likukuonetsani nyani ali pamwamba.

Komabe, mukafukula bwino, m'Chilatinimo Africa alimo, wangobisala. Uapaca ndi dzina la ku Madagascar. Khaya, mfunda wa mbawa, unachokera ku Senegal, ndipo mbawa yathu m'mabuku ambiri ndi Khaya nyasica, ya ku Nyasa. Mtengo wina wa m'phirimu ndi Podocarpus milanjianus, wa ku Milanji, mmene azungu oyamba ankalembera Mulanje. Ndipo eni sayansi ayamba kuchita manyazi ndi zina. Mu Julaye 2024, msonkhano waukulu wa akatswiri a zomera ku Madrid unavota kuti mayina oposa 200 okhala ndi liwu lija lotukwana, limene atsamunda ankanyozera nalo anthu akuda kumwera kwa Africa, akonzedwe, liwulo likhale afra. Mfula wathu, umene ena amati marula, unali m'gulu losenza chitukwano chimenecho.

Za mkungudza ndiwonjezere kamodzi. Azungu anautcha cedar chifukwa cha fungo la matabwa ake, koma kwa akatswiri si cedar ayi, ndi wa banja la saipuresi. Omasulira Baibulo m'chinenero chathu atafika pa mitengo ya ku Lebanoni imene Solomo anamangira kachisi, anayang'ana uku ndi uku nasankha liwu lomweli, mkungudza. Ndiye mwana wa Sande sukulu amaganiza kuti Solomo anatuma anthu kudzacheka ku Chambe m'phirimu. Wa ku Lebanoni ndi Cedrus libani, mtengo wina. Wathuyu mwachilengedwe sapezeka kwina kulikonse padziko lapansi koma paphiri ili lokha, ndipo macheka ndi moto zamutha: kafukufuku wa mu 2017 anapeza mitengo ikuluikulu 7 yokha. A Mulanje Mountain Conservation Trust ndi anthu a m'midzi yozungulira akhala akubzala mbande zambirimbiri, koma mkungudza sukula ngati bulugamu. Pakali pano ana athu mpanda uliwonse wa saipuresi akuutcha mkungudza, dzina lasamukira pa mtengo wa eni.

Kope la mwana uja silinanenenso kuti mayina a Chilatini amasintha. Akatswiri akapeza umboni watsopano wa chibale, makamaka masiku ano oyeza DNA, amasamutsa chomera mfunda. Mitengo ya minga ya mu Africa inali Acacia kwa zaka zambiri. Panabuka mkangano ndi a ku Australia, amenenso ali ndi mitengo yambiri ya dzinalo, ndipo pamsonkhano wa ku Melbourne mu 2011 dzinalo linatsimikizidwa kuti latsalira iwo. Mthethe wathu lero ndi Senegalia polyacantha. Nsangu, uja amayoyola masamba nthawi ya dzinja chimanga n'kumakondwa pansi pake, anali Acacia albida, pano ndi Faidherbia albida, dzina la Louis Faidherbe, bwanamkubwa wachifalansa wa ku Senegal. Mthethe sunamve n'komwe kuti wasinthidwa dzina. Minga yake ndi yomwe ija, ndipo ife tikuutchabe mthethe.

Chosangalatsa n'chakuti pakamwa pa Mmalawi palibe dzina louma. Mtengo wa ku Asia wotchedwa Gmelina arborea, dzina la katswiri wa ku Germany Johann Gmelin, utafika kuno tinaulawa, tinalavula chilembo choyambacho, n'kukhala malaina. Leucaena tinati lukina. Cassia tinati keshya, n'kusiyanitsa keshya wa milimo ndi keshya wa maluwa; akatswiri anasamutsira mitengoyo ku mfunda wa Senna, ife tinakana kusamuka nawo. Ndiye agogo amene amati Chilatini sachidziwa amachilankhula tsiku lililonse akamatuma mdzukulu kukatola nkhuni za malaina. Chinanazi cha ku Mulanje kuno nacho n'chimodzimodzi ndi Ananas comosus: mayina onse awiri mizu yake ili kwa anthu a ku South America, ndipo kwa ife liwulo linadzera kwa Apwitikizi.

Ine mantha anga sali pa Chilatini. Chimenecho chili ndi alonda ake. Ku Zomba kuli National Herbarium and Botanic Gardens of Malawi, yokhazikitsidwa ndi lamulo la Nyumba ya Malamulo mu 1987, kumene zomera zouma zimasungidwa pamapepala, chilichonse ndi dzina lake, malo amene chinathyoledwa ndi tsiku lake. Zofanana nazo zili ku Kew, ku London. Amene alibe mlonda ndi mayina athu. Jessie Williamson analemba ena m'buku la Useful Plants of Nyasaland mu 1955, Blodwen Binns anasonkhanitsa ena mu Dictionary of Plant Names in Malawi mu 1972, ndipo tiwathokoze. Koma mabukuwo muwapeza pasukulu iti ya kuno? Ndipo chinenero chimene chimapatsa tsamba dzina losiyana ndi mwini wake, dzungu nkhwani, chinangwa chigwada, nyemba khwanya, khobwe chitambe, chili ndi zambiri zimene sizinalowe m'buku lililonse. Mwana wa m'tauni lero zonsezi amangoti masamba. Za Chilhomwe ndiye musanene. Ambiri a ife tinatsala ndi moni yekha.

Loweruka lotsatira ndinabwerera kwa achemwali. Ndinauza mwana uja kuti atenge kope lina, alembe mzere pakati, kumanzere mayina a anganga ake, kumanja a m'buku. Tinanyamuka atatu kuchokera pakhonde kulowera kudimba, mayi ali patsogolo ndi ndodo yawo. Sitinayende mtunda wautali. Bonongwe, luni, chisoso, mpoza, msuku, naphini, kaufiti m'munda mwa aneba. Ndodo imangoloza, mwana akulemba mothamanga. Kumanja tinadzaza amene ine ndinkawakumbukira, Cleome gynandra pa luni, Bidens pilosa pa chisoso, Striga asiatica pa kaufiti. Pofika kumtsinje, kumanzere kunali kutasefukira tsamba lachiwiri, kumanja kuli mipata ngati mano a nkhalamba.

Pafupi ndi chulu mayi anaima. Anakanda pansi ndi ndodo, pouma gwa, nati apa pamamera ndiwo ina imene mayi awo ankaphika ndi nsinjiro nthawi ya njala. Anaitchula m'Chilhomwe. Mwana anayimitsa cholembera. "Anganga, mwati chiyani?" Anabwereza. Anafunsanso, anabwerezanso, kachitatu, pang'onopang'ono, mwana akulemba chilembo chimodzichimodzi, kufufuta, kulembanso. Kenako anatembenukira kwa ine. "Amalume, nanga kumanjaku ndilembe chiyani?"

Ndinamuuza kuti ku Zomba sangatchule chomera chimene sanachione. Amafuna nthambi yokhala ndi duwa kapena chipatso, yopanikizidwa bwino pakati pa nyuzipepala mpaka iume, ndi kapepala konena malo ndi tsiku. Tsono unali mwezi wa Ogasiti, pachulupo panalibe ngakhale katsamba kamodzi.

Mayi anali atayamba kale kubwerera. Anangolankhula chakumbuyo, osacheuka. "Siyani pomwepo mpata. Ikagwa yachiwiri mudzandikumbutse, tidzabwere m'mamawa mbuzi zisanadutse."